Mmawa Umene Chitsulo Anagwa M'bafa

"Gwirani phewa langa, bambo. Ayi, ndi dzanja labwinolo. Eya, tiyeni!"

Chitsulo anakoka, ndipo mwamuna wake anadzuka pabedi ngati thumba la simenti. Anali munthu wamkulu thupi, amene kale ankayendetsa malole. Matenda anamupha mbali yonse ya kumanja n'kumupotoza pakamwa, koma thupi lija silinachepe kwenikweni. M'chiuno mwake munali lamba wa nsalu yolimba ya makatani, wokhala ndi zogwirira ziwiri. Chitsulo anali telala, ndipo lambayo anasoka yekha. Akagwira zogwirirazo ankamusuntha mwamunayo kuchoka pabedi kupita pampando, kuchoka pampando kupita kubafa, popanda womuthandiza.

Dzina lakuti Chitsuloli anamupatsa ndi amayi anzake a kutchalitchi. Kukagwa maliro, kukakhala wodwala, iye ndiye ankayamba kufika n'kukhala womaliza kuchoka. Ndiyenso ankatsogolera mapemphero a amayi, ndipo akamauza anzake kuti atule katundu wawo kwa Ambuye, misozi inkagwa. Koma katundu wakeyo palibe amene anamuonapo akutula.

Atangomukhazika mwamunayo pampando, kunamveka kugogoda.

"Odi kuno! Alamu, tsegulani. Ndikudziwa muli momwemo."

Anali mlamu wake, mlongo wamkulu wa wodwalayo, amene ankagulitsa nsapato pamsika. Chitsulo anachotsa mpiringidzo, natsegula pang'ono pokha, n'kuima pakhomopo thupi lonse.

"Mwakhomanso?" anatero mlamuyo. "Kodi m'nyumbamu mukusungamo golide?"

"Ndikusungamo mlongo wanu. Sanavale."

"Ameneyo ndinkamusambitsa ine ali khanda, inu musanabadwe. N'chiyani chatsopano chimene wamera?"

Chitsulo sanaseke. Mlamu uja anatsitsa mtolo wa nsapato pansi, nayamba kulankhula motsitsa mawu.

"Imvani, alamu. Amayi a kutchalitchi agwirizana kuti azisinthana kubwera kuno, wina kuchapa, wina kukhala naye kuti inu muzipuma. Palinso amuna awiri amene avomera kuti azidzera m'mawa kudzamunyamula, asanapite kuntchito. Akungodikira kuti inu muvomere."

"Kuti msewu wonse udziwe kuti bambo amadziipitsira pabedi? Munthu amene ankapatsidwa ulemu ndi aliyense? Ayi. Mukawathokoze. Ambuye akundipatsa mphamvu."

"Mphamvuyo ikabwera ndi miyendo iwiri, inu mukuibwezera pakhomo. Taonani mmene mwaimiramo, mwapendekeka ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. Alamu, Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo."

"Yanga ili nalo khomo," anayankha Chitsulo, "ndipo ndikulitseka."

Analitsekadi, nabwezera mpiringidzo, nakhomanso ndi kiyi. Anamva mlamu wake akudandaula panja kwa amake mapasa, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankayanika zovala. Amake mapasa nawonso anali atabwezedwapo pakhomo pomwepo, tsache lili m'manja.

Zakuti msana ukumupweteka zinali zoona. Kwa nthawi ndithu Chitsulo ankadzimanga mpango m'chiuno, mkati mwa diresi, n'kumamwa mapiritsi opha ululu ngati chakudya. Kugwada pansi n'kupemphera anali atasiya. Ankangonena ali chiimire, uku akufinya nsalu zofunda, kuti, "Ambuye, ndipatseni mphamvu," ndipo asanamalize n'komwe anali atanyamula kale ndowa ina.

Mwamuna wake anamva zonse za pakhomo zija. Anayesa kulankhula, malovu akutsika kumbali ya mlomo.

"A... lo... le."

"Mwati chiyani, bambo? Madzi akuzizira, tiyeni."

Chitsulo anamva bwinobwino kuti akuti awalole anthuwo. Anangomupukuta pakamwa, nagwira zogwirira za lamba.

Bafa lawo linali kachipinda kopapatiza, ka simenti yosalala, kokhala ndi kazenera kopanda galasi m'mwamba. Anamukhazika mwamunayo pa mpando wapulasitiki, namusambitsa. Masiku onse ankayamba wapukuta pansi asanamudzutse. Mmawa umenewo mtima unali udakali pa mawu a mlamu wake, ndipo manja ankagwira ntchito mothamanga. Anamumanganso lamba, nakunga mano, nakoka.

China chake chinaphulika kumunsi kwa msana wake. Mwendo wakumanzere unangolobodoka ngati suli wake. Phazi linatsetsereka pa thovu la sopo, ndipo onse awiri anagwa. Mwamunayo anagwera pa chiuno, m'mphepete mwa simenti ya pakhomo, ndipo kunamveka phokoso ngati la nkhuni youma ikamathyoka. Ndowa inagubuduzika, madzi n'kudzaza pansi ponse.

Mwamuna uja sanakuwe. Anangotulutsa mawu aatali, a pakhosi, maso atatong'oka.

"Pepani, bambo, pepani. Ndidzuka pompano. Dikirani pang'ono."

Anayesa kudzuka. Ululu unamulasa kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi, maso anachita mdima. Anapuma, nayesanso pogwira mwendo wa mpando. Mpando unagwa. Anayesa kukwawa ndi zigongono, koma mwendo wa mwamuna wake unali utamupsinja, ndipo akangosuntha pang'ono mwamunayo ankabuula.

Kuseri kwa khoma, amake mapasa ankaimba nyimbo uku akukolopa khonde. Mawu awo ankamveka bwinobwino pa kazenera kaja. Kukuwa kamodzi kokha kukanakwana. Chitsulo anayang'ana mwamuna wake ali chigonere pansi, maliseche, atadziipitsira ndi ululu, ndipo anatseka pakamwa.

"Ambuye, ndipatseni mphamvu ndidzuke," ananong'ona. "Kamodzi kokha. Ndimuveke kaye."

Sanadzuke. Madzi aja anazizira. Inali nyengo yozizira, ndipo mphepo inkalowa pa kazenera n'kumawomba pathupi lonyowa. Anakoka thaulo ndi nsonga za zala kuti amufunditse, koma nalo linali litanyowa. Kadzuwa kamene kankawala pamwamba pa khoma kanatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pakati, iye akungoti, "Pompano, bambo, pompano." Milomo ya mwamunayo inasanduka yotuwa, mano akugundana.

Kenako mwamuna uja anatambasula dzanja lake labwino, natola kapu yachitsulo yosambira, nayamba kumenya ndowa. Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Chitsulo anamugwira dzanja. "Bambo, mukufuna anthu akuoneni chonchi?"

Mwamunayo anatembenuza mutu, namuyang'ana. Chiyambire kudwala anali asanatulutsepo mawu omveka ngati amene ananena pamenepo.

"Itana. Ndikufa."

Apo m'pamene Chitsulo anakuwa. Mawu oyamba anatuluka ang'onoang'ono, ngati a mwana, chifukwa pakamwa pakepo panali pasanazolowere mawu oterowo.

"Amake mapasa! Ndithandizeni! Ndagwa! Tagwa tonse!"

Nyimbo ija inaduka. Kunamveka mapazi akuthamanga, chitseko chikugwedezedwa, kenako amake mapasa akuitana kalipentala wa tsidya la msewu. Kalipentala anabwera ndi chitsulo chozulira misomali, ndipo mpiringidzo unazuka pamodzi ndi thabwa lake.

"Imani pomwepo, abambo inu!" anatero amake mapasa. "Muyang'ane kumsewu mpaka ndikuitaneni."

Analowa okha. Anatenga bulangete pabedi, namufunditsa mwamuna uja kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Anapukuta zonyansa zija mwachangu, osakwinya nkhope, natsuka m'manja. Kenako anakonza diresi ya Chitsulo imene inali itakwinyikira m'mwamba.

"Mwagona pano kuyambira liti, amayi?"

Chitsulo anayang'ana kukhoma.

"Ine ndinali panja pomwepa," anatero amake mapasa. "Pomwepa, amayi."

Anawanyamula onse awiri pa galimoto ya munthu wina wogulitsa matabwa. Kuchipatala anawalekanitsa, mwamuna kuchipinda cha amuna, mkazi cha akazi. Dokotala anauza Chitsulo kuti fupa la msana lapsinja mtsempha, ndipo ayenera kugona osanyamula ngakhale ketulo. Za mwamuna wake anati chiuno chathyoka, koma chimene chinkamudetsa nkhawa kwambiri chinali chifuwa. Kuzizira kunali kutalowa, ndipo chibayo chinali chitayamba.

"Akanabwera msanga, tikanalimbana ndi fupa lokha," anatero dokotalayo. Sananene mokalipa. Anangonena, napita kwa wodwala wina.

Mlamu uja anafika madzulo ake, mtolo wa nsapato atausiya kwa mnzake pamsika. Chitsulo anayembekezera kuti amva za Tinkanena. Mlamuyo anangokhala m'mphepete mwa bedi, namukweza mutu, namumwetsa madzi.

"Nenani, alamu," anatero Chitsulo. "Nenani zimene muli nazo."

"Ndinene chiyani? Msana wanena kale. Imwani."

Amayi a kutchalitchi anayamba kusinthana kuchipinda cha amuna, monga anagwirizanirana poyamba paja. Ankamutembenuza wodwalayo, kumupukuta, kumusintha zofunda. Mumsewu simunamveke nkhani ina iliyonse koma yakuti bambo aja adwalika, tiwapempherere.

Patapita masiku, namwino analola kuti Chitsulo akamuone mwamuna wake. Anamukweza pa mpando wa matayala, mlamu wake akukankha.

"Mukulemera bwanji, alamu! Chitsulo chenicheni."

"Chadzimbiri," anayankha Chitsulo.

Anamupeza mwamuna wake atachepa, akupuma mothamanga, kapaipi kali m'mphuno. Mayi wina wa kutchalitchi anali pambali akumupukuta thukuta, ndipo atawaona anasuntha. Chitsulo anagwira dzanja labwino lija.

"Bambo, ndinakuchedwetsani pansi paja. Ndikhululukireni."

Mwamunayo anayang'ana mpando wa matayala, nayang'ana nkhope ya mkazi wake. Chala chake chachikulu chinayamba kusisita kumbuyo kwa dzanja la Chitsulo.

"Wa... to... pa."

Chitsulo anatsegula pakamwa kuti akane, monga ankachitira masiku onse. Mawuwo anakana kutuluka.

"Ndatopa, bambo," anatero. "Ndinatopa kalekale."

Analira pamenepo, mutu uli pa bulangete, anthu onse a m'chipindamo akumva. Amayi amene iye ankawatonthoza pa maliro awo anamuika manja pamapewa. Wina anayamba kupemphera. Chitsulo, amene nthawi zonse ndiye ankatsogolera, ankangomvetsera.

Mwamuna uja anamwalira masana a tsiku lotsatira, mlongo wake atamugwira mutu. Pa maliro, Chitsulo sanaphike, sanalandire alendo, sananyamule kanthu. Kumanda anachita kumunyamula pa mpando amuna awiri aja amene anawakana.

Anthu atabalalika, mlamu wake anasamukira m'nyumbamo. Mmawa wina anatenthetsa madzi, nabwera ndi beseni pambali pa bedi.

"Kwezani manja, ndikuvuleni."

"Ndiyesa ndekha."

Mlamuyo anaima chilili, nsalu yosambitsira ili m'manja. Chitsulo anamuyang'ana, kenako anakweza manja.

Madzi ofunda akutsika pamsana pake, anayamba kulankhula, osati kwa mlamu wake.

"Ambuye, ndinkakupemphani mphamvu, koma ndinkafuna muiike m'manja mwangamu basi, kuti anthu aziti Chitsulo satopa. Lero ndilibe ngakhale yovulira diresi. Bambo apita. Ndinyamuleni Inu, mmene mungafunire, kudzera mwa amene mungamutume."

"Ameni," anatero mlamu wake, akupukuta m'maso ndi mkono. "Tembenukani, nditsuke mbali inayi."

Msana wa Chitsulo sunabwererenso mwakale. Amayenda ndi ndodo, ndipo pa makina osokera amakhalapo pang'ono n'kukagona. Ku mapemphero a amayi amapitabe, koma amakhala kumbuyo. Akamufunsa kuti ali bwanji, amanena mmene alilidi.

Ndiye inu amene mwamva nkhaniyi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Ngati muli ndi katundu amene wakukulirani, musadikire kuti simenti ikuphunzitseni. Muuzeni Mulungu lero kuti simungathe, ndipo akakutumizirani munthu, mulowetseni, mumupatse mbali ina agwire. Mudzachite bwino kuposa mayi ameneyu.