Madzi Otulukira Pansi pa Mphasa

Ine ndinabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo ndinkadzitama kuti madzi ndimawadziwa. Kwathu madzi oopsa amachokera kumtunda. Amayamba ndi mkokomo ngati malole akutsika chitunda, kenaka miyala, mitengo ndi matope zimabwera pamodzi. Ameneyo ndiye napolo. Chaka cha namondwe wamkulu uja anatitengera nyumba, mbuzi zinayi ndi munda wonse wa nanazi. Tinapulumuka ndi zovala zam'thupi zokha, ine, amuna anga a Yosefe, ndi mwana wathu Sophie wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Kuyambira tsiku limenelo Sophie pakamwa panatsekeka. Mwana amene ankalongolola mpaka kumuopseza ndi chikwapu anayamba kuyankha ndi mutu wokha. Mvula ikati waa padenga la kalasi momwe tinkagona ndi anzathu othawa, iye ankalowa kunsi kwa desiki, zala m'makutu. Ndinakamusiya kwa mkulu wanga Estele ku Chinakanaka. Potsanzikana ndinamugwira mapewa n'kumulonjeza kuti ndikamanga nyumba kutali ndi phiri, kosafika madzi, ndipo ikangotha ndidzamutenga.

Malume anga a Pilato ali ndi malo kufupi ndi Chonde, komwe anakhazikika atapuma ntchito kuminda ya tiyi. Mu Seputembala anatiitana kuti tikasankhe pomanga. Anayamba kutionetsa pakamtunda kena ka dothi lofiira, pafupi ndi chulu chachikulu.

"Mumange apa," anatero malume.

"Pamtunda? Ine? Malume, kodi mwaiwala chimene chandibweretsa kuno?"

Maso anga anali atagwera kale kumunsi. Kunali malo osalala bwino, dothi lakuda, udzu wobiriwira pomwe kwina konse kunali gwaa ndi dzuwa. Kopanda mwala ngakhale umodzi woti n'kugubuduka. Malume anati kumeneko n'kodzala mpunga, si kogona munthu. A Yosefe nawo anati aponyepo mawu.

"Koma mayi a Sophie, bwanji eni ake a kuno onse anamanga cha kumtunda?"

"Chifukwa napolo sanamuone! Ndiponso inu ndinu mkamwini. Malo ndi a kwathu awa, inu muzisankha pokhoma msomali."

Anangopita kukatenga chikombole cha njerwa. Lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi.

Tikukumba maziko kunabwera mayi wina woyandikana nafe, dzina lake Diana, mkazi wa mawu ochepa. Anaima n'kuloza pansi ndi chala cha kuphazi.

"Achemwali, mauna mukuwaonawa ndi a nkhanu."

"Ndiye ndiwo tazipeza," ndinamuyankha.

Mumtima ndinati nsanje basi, ankadyetserapo mbuzi zake, lero tamulanda. Iye anapukusa mutu n'kumapita. Wakutsina khutu ndi mnansi, ine mnansiyo ndinamuthamangitsa ndi pakamwa pangapa.

Nyumba inatha mu Novembala. Zipinda ziwiri, njerwa zootcha, malata khumi ndi awiri amene anatipatsa a kumpingo. Pansi ndinazira ndekha mpaka kuwala. Mvula inayamba, inagwa masiku asanu osalekeza, ine ndili tcheru kumvetsera mkokomo uja. Kunali zii. Denga silinadonthe ngakhale dontho. Ndinaseka mokweza dala kuti Diana amve, ndipo ndinaimbira foni Estele kuti Loweruka abwere naye mwana.

Loweruka kunacha bwino, dzuwa lili phwee, kumwamba kopanda mtambo. Ndinasesa, ndinayala mphasa yatsopano m'chipinda cha Sophie, n'kuikapo bulangete la maluwa. Ndikukonza ngodya ya mphasayo ndinamva kuzizira m'maondo. Ndinati kapena a Yosefe ataya madzi a m'ndowa. Ndinatukula mphasa ija.

Mayo ine! Pansi ponse panali thukuta. Pakona, pomwe khoma limakumana ndi pansi, madzi ankabwatuka pang'onopang'ono. Ndinapondapo, phazi linalowa mpaka m'kakolo. Ndinayang'ana kudenga, kouma. Ndinathamangira panja kuyang'ana kuphiri, phiri lili phee patali, loyera bwino. Nanga madzi akuchokera kuti?

"A Yosefe! A Yosefe inu! Nyumba ikutuluka madzi!"

Anabwera ndi khasu n'kuyamba kukumba ngalande. Paliponse pomwe khasu lagwa pankadzaza madzi nthawi yomweyo. Ine ndinkakapa ndi beseni n'kumataya pakhomo, koma pakhomo pomwepo panali patasanduka thamanda, udzu ukungoonekera nsonga. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti madzi amenewa analibe phokoso. Ankangokwera mwakachetechete, ngati ali kwawo.

Malume anatsika atapinda buluku mpaka m'maondo. Anaima n'kuyang'ana a Yosefe akulimbana ndi matope.

"Siyani, akamwini. Ngalandeyo ipita nawo kuti? Kumunsi kwake ndi komwe mwaimako."

"Koma mvula inasiya Lachitatu, malume!" ndinakuwa.

"Inasiya kuno. Ija inagwa kuphiri ndi iyi, yangofika kumene. Imayenda pansi, ikafika m'dambo muno imakhala."

Kuphiri! Ndinakhala pansi m'madzi momwemo osadziwa. Ulendo wonse uja, njerwa zonse zija ndinasenza pamutu mpaka khosi kuuma, kani ndinkamanga pomwe madzi a phiri lomwelo amadzagona.

"Aphwa liti?" ndinafunsa.

"Chaka chabwino, Epulo."

"Nanga khoma?"

Malume anangoyang'ana mng'alu umene unali utayamba kale pansi pa windo.

Nthawi yomweyo ndinamva kulira kwa njinga yamoto ya kabaza kumsewu. Inaima pafupi ndi chulu chija. Anatsika Estele, kenaka kamunthu kovala diresi yachikasu ndi nsapato zoyera, kachikwama kumsana.

"Amama! Amama, ndabwera!"

Miyezi isanu ndi inayi ndinali ndisanamve mwana wanga akukuwa choncho. Ndinathamanga kukwera kamtunda kaja, chitenje chikundimata m'miyendo, kuti ndimutchinge asaone kumunsi. Anandikumbatira, kenaka anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana diresi yake. Inali itanyowa kutsogolo konse.

"Nyumba yathu ndi iti?"

Estele anagwira pakamwa, maso ali kumunsi. Sophie anasuzumira kumbali kwanga. Anaona malata akuwala padzuwa, chitseko chili pululu, bambo ake ataima m'madzi ofika m'maondo, bulangete la maluwa lili paphewa likudontha.

Sanalire. Bola akanalira, ndikanadziwa pomugwira. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana ine.

"Sophie, mwanawe, tamvera. Timanganso pompano, pamtunda pano. Mvula ikangotha..."

Wa kabaza anali akutembenuza njinga kuti azipita. Sophie anamasula dzanja lake m'dzanja langa, anayenda yekha mpaka panjingapo, n'kukwera kumbuyo popanda womuuza. Anakhala nkhope italoza kumsewu, atakumbatira kachikwama kake, kudikira mayi ake aakulu, Estele.

Estele anandifunsa ndi maso. Ndinamuuza kuti akwere, mwana asachedwe panjira.