Buku la ku India Limene Silinkatha

Azakhali a Zangaphee anali ataliponya kale bukulo m'jumbo lakuda, pamwamba pa nsapato za malemu, pamene Ndapile anawagwira dzanja.

"Ilo ayi, anti."

"Ayi chiyani? Katundu wa malemu sagonera m'nyumba. Masuti apita kumudzi, zinyalalazi kwa osauka. Kapena kuno ku Govan, kwa azungu, mwambo munausunga mufiriji?"

Ndapile anangogwiritsitsa jumbolo. Pa anthu Chichewa chinkamukanirira pakhosi. Ngakhale zoti wapatsidwa malo ophunzira unamwino ku Dundee, mzinda wakutali, anangouza bambo ake okha, a Tadeyo. Tsopano bambowo anali atagona m'manda, ndipo iye sankaona poyambira kuuza mayi osaona kuti akufuna kuchoka.

"Lisiyeni, mlamu," anatero mayi ake, a Nelia, ali pampando wa pawindo. "Sitinamalize."

Chiwadyereni maso a Nelia matenda a shuga, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi a Tadeyo ankawawerengera buku limeneli. Anawapatsa ndi namwino wa ku India pachipatala pomwe a Tadeyowo ankakankha mabedi a odwala. Maso awo ankawerenga Chingerezi, pakamwa n'kumatuluka Chichewa. Inali nkhani ya mnyamata amene anagula ntchito ndi ziphuphu kuti akwatire mphunzitsi wina, koma mphunzitsiyo n'kukana kudya zakuba.

Azakhali analipima bukulo m'manja. "Kabuku aka, chaka chathunthu? Achimwene analitu kamba powerenga."

"Tandimalizira, Ndapi," anatero mayi. "Ukatha, azakhali ako alitenge."

Ndapile anatsegula pamene bambo anapanikiza tikiti ya basi. Linali tsamba lotsiriza. Anawerenga chamumtima: mphunzitsi uja wakwera sitima, mnyamata watsala pasiteshoni ndi ndalama zake. Basi. Kuseri kwake kunali pepala loyera.

"Munalekezera pati, Mami?"

"Pajatu mnyamata uja anabweza zakuba zija, n'kukwatirana. Kenako anasamukira kudziko lozizira, iye n'kumakankha mabedi kuchipatala. Ndiye mlongo wake wolongolola uja..."

"Wolongolola ndani?" anafunsa azakhali.

"Wa m'buku, mlamu. Mwatekeseka chiyani?" Mayi anamwetulira koyamba chichitikireni maliro. "Tinalekezera pamene mwana wawo wamkazi wamaliza sukulu. Akungodzitsekera kuchipinda, ali ndi nkhani koma sakuinena. Bambo ako anati Lamulungu likubwerali mwanayo alankhula."

Ndapile anabwerera m'mbuyo, tsamba ndi tsamba. Munalibe ukwati, munalibe dziko lozizira, munalibe mwana. Anakumbukira mmene ankamvera ali kuchipinda kwake: pepala likulira pwaa potembenuzidwa, mayi akuseka, iye n'kumatseka makutu ndi nyimbo poganiza kuti n'za akuluakulu. Kani buku linatha kalekale, bambo n'kumangopitiriza okha.

Azakhali anasuzumira paphewa pake n'kuona pepala loyera lija. Anatsegula pakamwa, kenako anatseka.

"Nanga werenga," anatero azakhaliwo motsitsa mawu.

Ndapile anayang'ana pepala loyeralo n'kuyamba. Chichewa chinatuluka chotsimphina, koma chinatuluka.

"Tsiku limenelo mwana uja anatsegula chitseko. Anati, 'Amayi, anditenga kusukulu ya unamwino. Ndi kutali, kokwera sitima. Ndikufuna kupita, koma ndikuopa kukusiyani nokha.'"

Kunja basi inaima, n'kunyamukanso.

"Ndiye mayi akewo anati chiyani?" anafunsa a Nelia.

"Sindikudziwa, Mami. Sanalembe."

"Analemba. Sukuona bwino iwe." Anatambasula dzanja, kufufuza mpaka anakhudza bondo la mwana wawo. "Anati, 'Pita. Ndinakudikira kuti unene wekha. Zikomo kuti wanena.'"

Azakhali anamina m'nsonga ya chitenje. "Ndipo mlongo wolongolola uja anabwera kudzakhala nawo kaye," anatero. "Zimenezonso zilimo, ndaziona ndi maso angawa." Anamanga jumbo lija, buku lili kunja.

"Pitiriza," anatero mayi. "Koma tsambalo uzilitembenuza mwamphamvu. Bambo ako ankatero, kuti wosaona azimva kuti nkhani ikuyenda."

Ndapile ananyambita chala monga ankachitira bambo ake, n'kugwira pepala loyera lija pakona. Linalira pwaa.