Kutsutsa a Felton

A Felton anasiya kudya sabata imene mnzawo a Henderson anamwalira. Awiriwa anali nkhalamba za m'nyumba yosamalira okalamba ku Croydon kumene ndimagwira ntchito. Onse anali ndi zaka zoyandikira zana, ndipo pa unyamata wawo ankakonza ndege pa sitima zankhondo za panyanja, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ine ndinali nditangosamutsidwira ku chigawo chawo, moti a Henderson sindinawadziwe. Ndinangopatsidwa a Felton ndi mbale yawo ya phala.

Dokotala sanapite m'mbali. Anati akapitiriza kutsika pa sikelo, awatumiza kuchipatala. Tonse pantchito pano timadziwa kuti munthu wa msinkhu umenewo akakwera ambulansi, chipinda chake timayamba kuchikonzera wina.

Pawindo pawo panali tindege tiwiri ta pulasitiki. Kena kowonda, kosalala, ankati Seafire, ndege ya Angerezi imene iwo ankakonza. Kenako kojintcha, ka mphuno yaitali ndi mapiko opindika, kanali Corsair ya ku Amereka, imene ankakonza malemu aja. Ndikangolowa ndi thireyi, iwo ankaloza pawindopo.

"Palibe ndege inkakwera kumwamba msanga ngati Seafire," ankatero. "Adani akamabwera kuti adzadzigwetse pa sitima yathu, ndi imeneyi inkawapeza."

"Zoonadi, bambo."

"Corsair inali thirakitala ya mapiko."

"Eya, thirakitala yeniyeni."

Ankandiyang'ana kanthawi, kenaka kukamwa tseke, nkhope kukhoma. Ndinayesa kuwanyengerera, ndinayesa uchi, ndinayesa kuimba. Mkwiyo ndili nawo ine, sindibisa, ndipo tsiku lina ndinafika kukhitchini n'kumenyetsa thireyi pa sinki mpaka supuni inadumpha.

Petronella, mnzanga wa ku Chipata amene wakhala pachigawopo zaka zambiri, anandiseka.

"Iwe Wezzie, uvomera vilivonse monga uli mu chalichi. Mudala uja safuna amen, afuna ndeo. Henderson enze kumutsutsa daily, uku bakangana uku bakudya."

"Nditsutse munthu woposa agogo anga?"

"Manje ufuna afe na ulemu wako?"

Mawu amenewo anandibaya. Kwathu ku Ekwendeni atate anga ankati mwana woyankha wamkulu sanaleredwe, anangokula. Komanso Chingerezi ndi chiyankhulo chosauka, chilibe "inu". Mawu omwe umaitanira kamwana ka mamina ndi omwewo umaitanira nkhalamba ya imvi. Ine ulemu wanga ndinalibe pena pouika, ndiye wonse ndinkauthira m'kuvomera. Ndinafunsa Petronella kuti a Henderson ankanena chiyani makamaka. Anangokumbukira chimodzi: miyendo ya Seafire.

M'mawa mwake ndinalowa ndi thireyi. Atangoyamba nyimbo yawo ya Seafire, ndinayang'ana pansi n'kunena motsitsa.

"Koma ndamva kuti ndege yanuyi inali ndi miyendo yofooka."

Mutu uja unatembenuka pang'onopang'ono.

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Anthu amanena. Akuti ikamatera pa sitima inkangothyoka ngati nkhuku ya chitopa."

Maso aja anayaka. Anati ndine mbuli, sindidziwa kanthu za nyanja. Anati ndegeyo anaipangira kutera pa udzu, osati pa sitima imene ikudumpha ndi mafunde, ndipo vuto silinali la ndege koma la akuluakulu amene anaikakamiza kulowa m'madzi. Nanga Corsair yakoyo, anatero, mphuno yake yaitali ija, woyendetsa sankaona n'komwe pamene akutera, ankachita kubwera chokhota. Ali pakati polalata choncho, dzanja lawo linapeza supuni lokha. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana phala likuchepa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wa Corsair. Ine amene ndege ndimaidziwa pongoikwera, ndinayamba kuwerenga za mapiko ndi mafuta pa foni ndili mu tiramu. Zambiri sindinkazimvetsa, zina ndinkasokoneza, koma kulakwitsako ndi kumene kunkawasangalatsa, chifukwa ankapeza pondikalipira. Ndikati Seafire mafuta inkatha msanga, inkangozungulira pafupi ndi sitima pamene Corsair ikupita kutali kukamenya adani kwawo, iwo ankati kupita kutali si nzeru ngati nyumba yako ikupsa. Ndikati Corsair inkabwerera ngakhale itabooledwa ndi zipolopolo, ankati ndege yabwino siilola kubooledwa. Tinkatha tositi, dzira, nthawi zina mpaka kupempha tiyi wachiwiri.

Sikelo inaima, kenaka inakwera pang'ono. Dokotala anati tipitirize zimene tikuchita, osafunsa kuti tikuchita chiyani. Koma mtendere ndinalibe. Ndikatuluka m'chipindamo ndinkamva ngati ndatukwana atate anga, ndipo Lamulungu kutchalitchi kwathu ku Tottenham ndinkapempha chikhululuko pa tchimo limene Lolemba ndinkadziwa kuti ndikalichitanso. Choipa kwambiri n'chakuti ndinayamba kulikonda.

Loweruka lina masana mwana wawo wamkazi anabwera osanena. Ndi mayi wachikulire naye, wa imvi zake, amakhala kutali ndipo amabwera akapeza mpata. A Felton khutu lina ndi logontha, ndiye pokangana ndimakweza mawu. Mayiyo ali pakhonde anamva ine ndikukuwa kuti, "Ndege zanu zambiri zinathera pa sitima yanu yomwe, adani anangopumula!" Atatsegula chitseko anapeza bambo ake akumenya tebulo ndi chibakera, nkhope itafiira, misozi ili m'maso chifukwa anali atatsamwa ndi mbatata. Mbale inali itatsala pang'ono kutha, koma iye sanaione mbaleyo.

Mu ofesi ya manejala ndinayesa kufotokoza. Ndinanena za a Henderson, za sikelo, za Petronella. Sindinganame kuti mayiyo anali munthu woipa. Anati bambo ake anaika anzawo m'nyanja ali mnyamata, ena mwa iwo anafera m'ngozi zomwezo zimene ine ndikuseka. Anati masiku awo otsala akufunika mtendere, osati wantchito wowanyoza. Ine za anzawo akufawo sindinaziganizepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Manejala anagamula kuti ndikapepese pamaso pa mwanayo, ndipo za ndege ndisadzatsutsenso. Akadzamva kachiwiri, nkhani ipita pamwamba. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chamangiriridwa pa ntchito imeneyi, ndipo manejala sanafunike kundikumbutsa. Ndinalumira mano n'kuvomera.

Tinalowa atatu nthawi ya chakudya chamadzulo. A Felton atandiona anadziwongola pampando, n'kukoka mbale pafupi, supuni ili kale m'manja.

"Wabwera wa thirakitala," anatero. "Lero wanditengera bodza lanji?"

Ndinapinda manja kutsogolo monga ndinaphunzitsidwira ndili mwana.

"Bambo Felton, ndabwera kudzapepesa. Munkanena zoona. Seafire inali ndege yabwino kuposa zonse."

Anaseka pang'ono, akuyesa ndi msampha.

"Nanga miyendo ija?"

"Miyendo inali bwinobwino."

Anandiyang'anitsitsa. Kenaka anachita chinthu chimene chinandiswa mtima: anayamba kuinyoza okha ndege yawo, kuti mwina ndigwirepo.

"Mafuta inkatha msanga," anatero. "Ola limodzi ndi pang'ono, yabwerera. Ukudziwa zimenezo iwe."

Ndinkamva maso a manejala pamsana panga.

"Ankakwanira, bambo."

"Ndinakonza miyendo yothyoka mpaka zala kutupa. Tsiku lina zitatu motsatizana."

"Munagwira ntchito yabwino, bambo."

Supuni ija anaiika pansi bwinobwino, pambali pa mbale. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ndipo ndikanakonda akanakwiya. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Uyunso wamwalira?"

"Ayi adadi," mayiyo anatero, akuwasisita dzanja. "Ali pompano. Akungokupatsani ulemu."

"Ndiye mutulutseni," anatero a Felton.