Tsiku Limene Linasamuka ku Chamboli

Zelipa anali ndi mapepala awiri m'thumba la diresi lake, ndipo mapepalawo sankagwirizana. Loyamba linali lachingerezi, lochokera ku ofesi ya komboni ya mgodi ya Chamboli, ku Kitwe. Linkati popeza mwamuna wake Gershom wamwalira, mkazi wamasiyeyo akapereke makiyi a nyumba Lolemba pa 2 Januwale 1961, eyiti koloko m'mawa, kenako akwere lole ya kampani yopita kwawo ku Fort Jameson. Lachiwiri linali kalata ya pensulo yochokera kwa mwana wake mmodzi yekhayo, Damaris.

Damaris anachoka pakhomopo zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Anakwatiwa ndi mwamuna wa mpingo wina, ndipo Gershom, mkulu wa mpingo wa Reformed, analumbira kuti mwanayo asadzapondenso pakhomo pake. Mawuwo anapita nawo kumanda. Alipo amuna otero, amene amayesa kuuma mtima ndiko kupemphera. Tsopano Damaris anali atamva za maliro mochedwa, nalemba kuti, "Amai, ndibwera pa Mande pa 2, basi ya masana. Mundiyembekeze." Keyala sanalembe. Chidindo cha pa envulopu chokha ndicho chinkati Ndola.

Zelipa anakapempha kwa kalaliki kuti amuwonjezere tsiku limodzi. Kalalikiyo sanadzutse n'komwe mutu. Anati deti lalembedwa ndi makina, bwana wasayina, lole imapita kamodzi pamwezi, ndipo wopereka makiyi saloledwa kugonanso m'komboni. Anthu a m'maofesi masiku a Chitaganya anali choncho: pepala likalankhula, iwo pakamwa tseke.

Nyuwere chaka chimenecho inagwera Lamulungu. Zelipa atabwera kutchalitchi anamanga katundu, miphika ndi mabulangete ndi mpando wa malemu. Anapita kwa mnansi wake Felistus kuti akasiye uthenga wa Damaris, nakhala pamphasa. Zaka zisanu ndi chimodzi sizilowa mu uthenga wosiyira munthu wina. Anangoti, "Mukamuuze kuti ndinamuyembekeza mpaka eyiti."

Lolemba anadzuka m'mamawa, nakhala pa mtolo kudikira kulira kwa huta ya kumgodi yoitana antchito. Huta sinalire. Anayamba kuganiza kuti chisoni chamugonthetsa makutu, koma tambala wa Felistus anamumva bwinobwino. Anakhoma chitseko, namangirira makiyi kunsonga ya chitenje, n'kuuyamba ulendo wa ku ofesi.

Msewu uja umene m'mawa uliwonse unkadzaza njinga, majombo ndi zipewa zolimba unali mbee. Bambo wina anali kutsuka njinga pakhomo, alibe malaya. Wina anali pampando, mnzake akumumeta. Atakweza maso kuyang'ana ku shafiti, Zelipa anaima chilili. Mawilo akuluakulu aja a pamwamba, amene amatsitsa anthu pansi, anali ataima, ndipo khwangwala anatera pa limodzi. Matchuthi ankawadziwa, a Khrisimasi ndi ena aja a mbendera ndi bandi, ngakhale kunyumba kwawo sankawerengedwa, poti Gershom ankagwira ku mapampu ndipo madzi a pansi sadziwa tchuthi. Koma ili linali Lolemba wamba, lopanda mbendera, ndipo mgodi wonse unali chete ngati mu tchalitchi mlaliki akamatsegula buku.

Ku ofesi anapeza chitseko chokhoma ndi loko wamkulu. Lole inali pambali, matayala ake atawatsekera ndi miyala. Pakhonde panali wapolisi wa kampani, Wesley, mwamuna wa ku Katete amene ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo.

"Mwauka bwanji, amai a Damaris? Mwalawilila kuti?"

"Nabweletsa makiyi, a Wesley. Ananiuza eyiti koloko."

"Lelo ni holide, amai. Kulibe ofesi."

"Holide ya chani? Nyuwere inali dzulo. Inadyedwa na Sondo."

Wesley anaseka pang'ono, osati momunyoza. Anamutengera pa bolodi la zidziwitso namulozera pepala lachikasu ndi dzuwa, lokhomedwa ndi timisomali tinayi. Anayendetsa chala pa mzere wina, akumasulira pang'onopang'ono.

"Iyi ni lamulo ya boma, mukwai. Masiku yonse ya holide yanalembedwa apa, imodzi imodzi. Manje apa pansi akuti ngati holide yagwela pa Sondo, siitayika iyai. Isamukila pa Mande."

"Tsiku lisamuka?"

"Lisamuka, amai."

"Nanga analisamutsa ndani?"

"Amene apanga malamulo ku Lusaka. Ni kale analemba, zaka zambili."

Zelipa anatulutsa pepala lake lachingerezi, naliyika pafupi ndi la pabolodi. Onse anali mapepala, onse a makina. Anafunsa kuti wamkulu ndi uti.

"Iyi ya boma," anatero Wesley. "Kalaliki wanu anaŵelenga masiku pa zala, sanayang'ane apa. Olo bwana mwine abwele lelo, draiva alibe, buku ya makiyi ili mukati. Bwelani mailo, eyiti."

Mailo, m'kalankhulidwe ka kumigodi, ndiye mawa. Zelipa anamasula makiyi kuchitenje namupatsa, kuti aone ngati zinali zoona. Wesley anabisa manja kumbuyo.

"Sininga landile. Nyumba ni yanu mpaka mailo."

Zelipa anakhala pa masitepe. Kuyambira ali mwana ankadziwa kuti masiku ndi a Mulungu, amabwera motsatana ndipo palibe amawagwira. Lero wamva kuti anthu ena, amene sanamuonepo ndipo sadzamva n'komwe dzina lake, anakhala m'chipinda zaka zapitazo n'kulemba mzere umodzi, ndipo mzerewo wakhala ukudikira pabolodi, mvula ndi dzuwa, mpaka m'mawa uno waimitsa mawilo a mgodi, wakhoma ofesi, wagoneka lole. Boma lomwelo limene linkamufunsa chitupa paliponse. Anachita mantha, ndipo anayamika, osadziwa bwino kuti ayamike yani. Anapemphera pomwepo maso ali pa loko.

Pobwerera sanalowe m'nyumba. Anapita kukakhala pansi pa mtengo pamene mabasi amatsitsira anthu, makiyi ali m'manja. Basi yoyamba inatsitsa amuna okhaokha. Yachiwiri inatsitsa banja lonyamula nkhuku. Dzuwa litapendeka inafika yachitatu, ndipo womaliza kutsika anali mkazi wowonda wovala nsapato zoyera za antchito a m'nyumba za azungu, atagwira dzanja kamtsikana. Kayendedwe ka mkaziyo kanali ka Gershom, mapewa patsogolo.

Damaris anagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona. Analira onse awiri, kamtsikana kaja, kamwana ka Damaris, kali kakasi. Atatonthola anayenda mpaka kunyumba, ndipo pakhomo Damaris anasuzumira pawindo naona mitolo yomangamanga.

"Amai, muyenda?"

"Ninayenela kuyenda lelo m'mawa. Tsiku inasamuka."

Damaris anagwira pakamwa. Anafotokoza kuti amagwira ntchito kwa dona wina ku Ndola, ndipo Lamulungu ndilo tsiku la alendo, sachoka. Bwana wa nyumbayo ndiye anaona pa kalendala kuti Lolemba ofesi yake yatsekedwa, nati atenge banja lake kukacheza kudamu, wantchito apume. Popanda zimenezo sakanaponda ku Kitwe mpaka Isitala.

Mzere womwe uja unali utafikanso ku Ndola, m'khitchini ya dona, n'kumumasulira mwana wake epuloni.

"Nili chabe na lelo, amai," anatero Damaris, akupukuta m'maso. "Mailo sikisi nifunika pa nchito."

Zelipa analowetsa kiyi pachitseko chimene anali atatsanzikana nacho m'mawa, ndipo chinatseguka monga mwa masiku onse.

"Na ine nili na lelo," anatero. "Loŵa. Masula mtolo uyo, mpando wa atate ŵako uli m'mwemo."