Makiyi a Nkhokwe

Lamlungu lililonse masana, mkulu wokonza mawotchi ankakankhira pambali tizitsulo take ndi kagalasi koonera zinthu zing'onozing'ono, n'kuyatsa kompyuta yakale pathebulo la ntchito. Mwana wake wamkazi, yemwe ankakhala kutali, ankayatsanso yake, ndipo awiriwo ankakumana mu ufumu wawo wa m'gemu. Munali linga lamiyala, minda ya tirigu ndi tianthu tangati nyerere tomwe tinkabadwa, kukwatirana ndi kukalamba. Mwanayo anali mfumukazi. Mkuluyo anasunga makiyi a nkhokwe zaka zinayi, ndipo palibe kamunthu kanagonapo ndi njala. Sankalankhula zambiri. Kumva mwana wake akupuma ndi kuseka mu sipika kunkamukwanira.

Atakwatiwa, mwanayo analowetsa apongozi ake aamuna m'gemumo. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, pakamwa ngati wailesi yothyoka batani. Sabata yoyamba anamanga khola pakati pa msewu, mfumukazi n'kuseka mpaka kutsamwa. Sabata yachitatu anali atayamba kutchedwa "ababa". Mkuluyo anayankha kawiri asanazindikire kuti woitanidwayo sanali iye.

Kenako makiyi anapita. Mwanayo anafotokoza kuti apongozi akewo ntchito yoyendayenda imawasokoneza, bola akhale pankhokwe, ndipo mkuluyo, poti ndi katswiri, akayang'anire chigayo ndi ngalande kumtunda. Mkuluyo anangoti chabwino. Mawa lake anabwezera kasitomala wotchi yopanda muvi wa mphindi.

Kuchigayo kunali zii. Ankamva awiriwo akukangana za mtundu wa mbendera, asewere ake, apongozi a mwana aja, akudzitcha nduna yaikulu ya mimba za anthu. Pafupi ndi chigayocho panali chotsekera madzi opita kuminda. Anachiyang'ana masabata awiri. Lamlungu lachitatu anachitsitsa pang'ono chabe, monga amachitira pochedwetsa wotchi. Ankangofuna kuti nkhokwe ipunguke, asewere athedwe nzeru, wina akumbukire kumene nzeru zinali.

Tirigu anafota. Nyengo yozizira itafika, nkhokwe inali mbee. Koma tianthu tija sitinapite kwa wosunga nkhokwe. Tinanyamula miyuni ndi mafoloko a udzu, tinaswa chipata, n'kutulutsa mfumukazi kunja kwa linga wapansi, wopanda chisoti. Asewere ankangopepesa, akuti mlandu ndi wawo, ukalamba wawapusitsa. Mkuluyo anaona kachizindikiro ka mwana wake kakukwera ngalande pang'onopang'ono mpaka kuima pachigayo.

"Ababa," anatero, ndipo ulendo uno panalibe chokayikitsa. "Mwatseka ndinu?"

"Ndine."

"Chifukwa?"

"Makiyi anali anga."

"Pakamwa munabwereketsa ndani? Mukanangonena."

Mkuluyo anatsegula pakamwapo, koma mwanayo anali atazimitsa kale.

Lamlungu lotsatira mkuluyo anayatsa kompyuta nthawi isanakwane. Anatsegula madzi onse, anakonza chipata, anadzala tirigu kuyambira kumtsinje mpaka kulinga. Mawotchi apakhoma anagunda folo koloko, iliyonse panthawi yake. Sipika inakhosomola, mkuluyo n'kutchera khutu kuti amve mwana wake.

Anali asewere. Anati mpongozi wawo wawauza kuti gemu wasiya, ufumu wausiyira madoda awiriwo, agawane mmene angafunire. Anawonjezera, mosaganiza n'komwe, kuti mwanayo anali kunyumba kwa asewerewo kuyambira m'mawa, ndipo panopa akuwathandiza kupachika makatani pabalaza.

"Ndiye makiyi aja tengani, asewere. Ine andikulira."

Makiyi anaonekera pakona pa sikirini. Mkuluyo sanawakhudze. Anasendeza khutu kufupi ndi sipika. Kuseri kwa mawu a asewere, chapatali, mwana wake ankafunsa ngati katani yawongoka.