Njinga ya Manase

Manase ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Kwathu kuno msuweni ukhoza kumunyoza pagulu popanda mlandu, ndipo ine Lonia mwayi umenewu sindiutaya.

Wakhala akumwa ma ARV kwa zaka zambiri, ali wojintcha, wolima thonje kuposa amuna onse a ku Zemba. Koma mkazi wake atapita ku Chipata osabwerako, munthu uja anangozima. Sanadwale malungo kapena chifuwa, anangosiya kufuna chilichonse. Ankagona masana chitseko chili chotseka, mankhwala ali pawindo osakhudzidwa. Thupi nalo linatsatira mtima: masaya analowa, m'kamwa munatuluka zilonda.

Alongo ake anamupempherera, akulu ampingo anabwera ndi nyimbo. Onse ankamulankhula monong'ona ngati wagona kale m'bokosi, ndipo ine zinkandinyansa. Komanso ndinkaopa. Ndinkaona kuti akapitiriza chonchi mvula sadzaiona.

Tsiku lina ndinakankha chitseko chake.

"Odi! Maliro ali muno?"

"Lonia, ndisiye."

"Ndamva kuti ukufa. Ndabwera kudzatenga njinga, abale asanayambe kulimbirana."

Ndinkayembekeza kuti andilalatira, chifukwa njinga imeneyo ngakhale abusa sankawabwereka. Iye anangotembenukira kukhoma.

"Tenga."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinaikankha njingayo mpaka kwathu ndikulira ngati mwana.

Koma ine ndine wamakani. Ndinayamba kudutsa nayo pakhomo pake m'mawa uliwonse, nditamanga thumba la mtedza kumbuyo, tcheni chikulira chifukwa chosowa oyilo. Kenako ndinaphwetsa dala tayala lakumbuyo. Ndinkadutsa pang'onopang'ono pansi pa windo lake, limu likugunda miyala, kwinaku ndikuimba nyimbo ya kwaya mokweza.

Sabata isanathe chitseko chinatseguka.

"Iwe mfiti! Ukuyenda pa limu?"

Anatuluka atagwira pampu, maso akuphethira ndi dzuwa, thalauza atalimanga ndi chingwe. Anagwada n'kuyamba kupopa. Mpweya unkamuthera, tayala osakhuta. Anayesanso, kenako anakhala pansi pafumbi n'kuphimba nkhope.

"Mphamvu zanga zapita kuti, Lonia? Ndikadzuka ndimamva ngati andisenzetsa mwala pachifuwa. Ngakhale kumeza mbewu imodzi ya mankhwala ndimaona ngati ntchito."

Ndinakhala naye pafumbipo. Nthabwala zinandithera.

"Mwala umenewo si ulesi, Manase, ndi matenda. Kuchipatala amaudziwa. Tiye ukawauze zonse, za mankhwala unasiyawo ndi za mtima womwe."

"Sindingathe kupalasa."

"Ndani wati upalase? Khala pakaliyala."

"Mwamuna kunyamulidwa ndi mkazi, mudzi wonse ukuona?"

"Ukakana adzakunyamula amuna, mudzi wonse ukuimba."

Ndinamaliza kupopa ndekha, ndinataya thumba la mtedza pakhonde, iye n'kukwera. Anali wopepuka moti mtima unandiwawa.

Pamtsetse wa kudambo njinga inathamanga, ndipo mabuleki ake ndinali ndisanawazolowere. Tinagunda dzenje, tinadzandira, mbuzi zinabalalika. Ndinamva manja ake owonda aja akundigwira m'chiuno mwamphamvu.

"Gwira buleki, wamisala iwe! Utipha! Ine sindikufuna kufa, Lonia!"

Mawu ake omwe anamudabwitsa. Kenako anabwereza motsitsa, mutu atautsamiritsa pamsana panga.

"Sindikufuna kufa."

Ndinangopalasa, msewu osauona bwino chifukwa cha misozi.