Njoka Youluka pa Maliro a ku Kakumbi

Mzungu wa pa loji ina ku Chinzombo anabwera ndi njoka yochokera kutsidya kwa nyanja, kanjoka kobiriwira, kowonda ngati chingwe. Ikakwera pamwamba n'kudziponya, inkaphwatalala thupi n'kumayandama mumphepo. Woisamalira anali Onesmus, ndipo ankaikonda zedi. Ankaigwirira abuluzi, kuiwaza madzi kukatentha, mwinanso kuyankhula nayo, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Mzungu atapita ku Lusaka, njoka inasiya kudya. Onesmus anaopa kuti ifa iye ali patchuthi, ndiye anaitsekera m'dengu n'kupita nayo kwawo ku Kakumbi osauza munthu. Kupusa kwake, abale!

Kumudzi anapeza maliro. Mwana wa a Abson anali atamwalira mwadzidzidzi, atangodandaula mutu. Onesmus anasiya dengu pansi pa mtengo wa mango wa amayi ake n'kuthamangira kusiwa. Amayi akewo sanapite chifukwa miyendo inali itatupa, ndipo anthu anali atayamba kale kunong'onezana, poti kuno wosaoneka pamaliro amafunsidwa.

Dzuwa lili paliwombo, nyimbo ya azimayi inadukira pakati. Mu mtengo wa mango uja munatuluka njoka ija, itathawa m'dengu, m'malere, ikupindapinda thupi ngati ikusambira, yopanda mapiko, yopanda phokoso. Inadutsa pamwamba pa mitu ya anthu n'kukatera padenga la nyumba ya siwa. Zii! Kenaka nkhope zonse zinatembenukira komwe yachokera, ndipo pansi pa mtengowo panali mayi wokalamba uja, mayi wa Onesmus, yekhayekha pamphasa.

"Taiona," anatero wina chapansipansi. Azibambo anayamba kuimirira.

Onesmus anagwidwa ndi mantha. Anathamanga, kukwera pampando, n'kutambasula dzanja. Njoka inatsetsereka pa udzu wa denga n'kudzikulunga pamkono pake, phee.

"Amayi sakudziwa kanthu!" anakuwa. "Iyi siipha munthu. Ndi yanga, ndimaidyetsa ndine!"

A Abson anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali psuu.

"Tamva, bambo," anatero mofatsa. "Mwati ndi yanu."

Onesmus anayendetsa maso pakati pa azimayi kufunafuna mkazi wake Ketty. Anamuona akukokera ana awo kumbuyo kwake.